Mendulo ya Lettow-Vorbeck ndi anthu amene anaisenza

Chimene chimandisowetsa mtendere pa mbiri ya Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany ku German East Africa pa nkhondo ya 1914, n'chakuti zambiri zimene omutamanda amanena n'zoona. Akanakhala msilikali wamantha amene anzake anangomukometsera mbiri atamwalira, nkhani yake ikanatha msanga. Koma munthuyu ankaidziwa nkhondo. Mu November 1914, pa doko la Tanga, ali ndi asilikali pafupifupi 1,000, anabweza gulu la asilikali 8,000 limene Angerezi anabwera nalo kuchokera ku India, ndipo othawawo anasiya mfuti ndi zipolopolo zimene zinamusunga kwa nthawi yaitali. Kwa zaka zinayi anazungulira m'tchire la kum'mawa kwa Africa, malungo akumugwira n'kumusiya, akuyenda wapansi kapena pa njinga, kuchokera kwawo kutangobwera sitima ziwiri zokha za katundu wa nkhondo. Mu 1916 mfumu yake inamupatsa Pour le Mérite, mendulo yapamwamba koposa imene mkulu wa asilikali wa ku Prussia akanalandira chifukwa cha ntchito ya kunkhondo. Pamene mfuti zinkaleka kulira ku Ulaya pa 11 November 1918, iye anali akumenyabe kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia. Uthenga unamupeza pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November, ndipo anakatula zida ku Abercorn, komwe tsopano timati Mbala, pa 25 November. Zonsezi sindikuzikana. Funso langa lili pena: kodi mendulo imene munthu anaigwirira ntchito ndithu ndi chifukwa chokwanira cholembera dzina lake pachipata cha kambi ya asilikali, kuti achinyamata azidutsa pansi pake m'mawa uliwonse?

Ndikamaganizira funsoli ndimabwerera pa chinthu chimodzi: mendulo imayesa munthu ndi muyeso wa amene akuipereka. Imafunsa ngati anachita zimene mfumu yake inkafuna, ndiponso ngati anazichita mopambana anzake. Sifunsa kuti analipira ndani. Ndipo zimene Lettow-Vorbeck ankafuna sanazibise. Bwanamkubwa wa German East Africa, Heinrich Schnee, ankalakalaka kuti dzikolo lisalowe m'nkhondo ya Azungu, podalira pangano la ku Berlin la 1885 limene linkalola kuti maiko a atsamunda a m'chigawo chimenechi akhale osalowerera. Mkulu wa asilikaliyo anaganiza zina. Ankadziwa kuti dzikolo sangaliteteze mpaka kalekale, Angerezi atagwira nyanja yamchere. Cholinga chake chinali kukokera adani ambiri m'tchire kuti asapite kukamenya nkhondo ku France. M'malingaliro otere dziko ndi anthu ake si zinthu zoti uziteteze, koma zoti uzigwiritse ntchito mpaka zithe. Ndipo ngakhale pa muyeso wake womwewo phindu linali lochepa kuposa mmene nthano imanenera, pakuti kuyambira 1917 ambiri mwa omuthamangitsa anali asilikali achiafrika a King's African Rifles ndi ena ochokera ku Nigeria ndi Gold Coast, anthu amene Angerezi sankawatumiza kukamenya m'ngalande za ku France. Nkhondo ya ku Ulaya inatha momwe ikanathera ngakhale iye akanagonja chaka chimodzi m'mbuyomo.

Tsono tione amene analipira. M'madera amene nkhondoyi inadutsa misewu inali yochepa, ndipo akavalo, abulu ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe patangotha masabata ochepa. Chilichonse chimene msilikali ankadya, kuvala kapena kuombera chinayenda pamutu pa munthu: ufa, mpunga, mabokosi a zipolopolo, zidutswa za mizinga, mahema, ngakhale Mzungu wodwala m'machila. Katundu wa munthu mmodzi ankalemera makilogalamu oposa 20, ndipo ulendo ukatalika, mtengatenga ankafunika kudya gawo la katundu yemweyo, motero pankafunika anthu ena osenzera chakudya cha osenza. Pa msilikali mmodzi wogwira mfuti pankafunika anthu angapo opanda mfuti. Angerezi analemba anthu pafupifupi miliyoni imodzi pa ntchito imeneyi, ndipo mabuku awo omwe amavomereza kuti pafupifupi 95,000 anafa, ambiri ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Mu Nyasaland mokha, dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi pa nthawiyo, amuna pafupifupi 200,000 anapita ku mtengatenga m'nkhondo imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, ambiri atachita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Kumbali ya Ajeremani zinthu zinafika poipa kwambiri atataya njanji ndi matauni. Gulu la Lettow-Vorbeck litawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa mu Mozambique pa 25 November 1917, linkadya zimene lalanda: zina m'maboma a Apwitikizi, zina m'nkhokwe za anthu wamba. Amuna opezeka m'njira ankagwidwa, ena n'kumangidwa zingwe kuti asathawe, ndipo minda inkawonongedwa kuti mdani wobwera m'mbuyo asapeze chakudya. Dokotala wa gululo, Ludwig Deppe, analemba yekha kuti m'mbuyo mwawo ankasiya minda yoonongeka ndi njala, ndipo anayerekeza ulendo wawo ndi magulu olusa a m'nkhondo ya zaka 30 imene inasakaza Germany kalelo. Olemba mbiri amawerengera anthu wamba amene anafa ndi njala ndi matenda m'masauzande mazanamazana. Mendulo ija inalembedwa dzina limodzi, koma mtunda uliwonse umene inatamandidwa nawo unayendedwa ndi mapazi a anthu amenewa.

Wina adzati ndikukondera, pakuti Angerezi nawonso anachita zomwezo, ndipo amtengatenga a ku Nyasaland anagwidwa ndi boma la ku Zomba, osati ndi Mjeremani. N'zoona, ndipo sindikufuna kuchepetsa mlandu umenewo ngakhale pang'ono. Mfuti yoyamba pa nyanja ya Malawi inaombedwa ndi sitima ya Angerezi, Guendolen, pa 13 August 1914, Ajeremani asanaukire Karonga mu September. M'busa John Chilembwe, polembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa chaka chimenecho, ankadzudzula boma la Angerezi potengera amphawi ku nkhondo imene sinali yawo. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a asilikali a Commonwealth linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo Aafrika, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Koma kulakwa kwa wothamangitsa sikuyeretsa wothamangitsidwa. Nkhondo yoyendayenda imafuna awiri, ndipo amene ankasankha kumene ipite ndi utali wake anali wotsogola. Chaka cha 1917 chisanathe dziko limene ankati akuliteteza linali litachoka kale m'manja mwake. Pamenepo panali mpata wotula zida popanda manyazi, monga anachitira Ajeremani anzake ku South West Africa mu 1915 ndi ku Cameroon mu 1916. Iye anasankha kupitiriza, ndipo chaka chowonjezeracho chinakokera nkhondo m'midzi ya kumpoto kwa Mozambique ndi ya Abemba, chinachititsanso kuti amuna ena ambirimbiri achotsedwe m'minda yawo pa nthawi yolima. Wina adzanenanso kuti msilikali amangomvera lamulo. Kwa msilikali wamba mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo ndimawalemekeza. Koma munthu uyu kutchuka kwake kunayamba pamene ananyozera maganizo a bwanamkubwa amene mwalamulo anali pamwamba pake. Sitingamutamande chifukwa choganiza payekha kenaka n'kumukhululukira ngati munthu wongotumidwa.

Mfundo yolimba koposa ya omuteteza ndi ya asilikali ake achiafrika, aaskari. Amati, ngati anali wankhanza, bwanji anthu akuda anamutsatira mpaka ku Abercorn? Mfundoyi siyenera kukankhidwira pambali mwachangu. Pa tsiku lotula zida panali Azungu 155 ndi aaskari oposa 1,100, ndipo ambiri a iwo anali atayenda naye zaka. Ankalankhula nawo Chiswahili, ankadya movutikira limodzi nawo, ndipo palibe chifukwa chokanira kuti ena ankamulemekeza ndi mtima wonse, monga asilikali kulikonse amalemekezera mtsogoleri wodziwa ntchito. Komabe pamene gululo linali pachimake aaskari anali oposa 11,000. Ena anafa, ena anagwidwa, ndipo ambiri anathawa. Otsalawo anali anthu a ntchito ya usilikali, olandira malipiro ndi ulemu woposa wa anthu wamba, ena akuyenda ndi akazi ndi ana awo m'gulu momwemo, ali kutali ndi kwawo, pakati pa midzi imene anailanda chakudya dzulo lake. Munthu wotere kuthawa athawire kuti? Kukhulupirika kwawo kunali koona, koma kunali ndi zifukwa zake za anthu amoyo, ndipo chikoti sichinkasowa m'gululo. Chimene chimandivuta kwambiri ndi ntchito imene nkhani ya kukhulupirikayi inagwira pambuyo pake. Pangano la Versailles la 1919 linalanda Germany maiko ake onse a mu Africa, opambana akunena kuti Ajeremani alephera kulamulira anthu mwachilungamo. Askari wokhulupirika anasanduka yankho lawo: taonani, anthu athu ankatikonda, tibwezereni maiko athu. Pa 2 March 1919 Lettow-Vorbeck anadutsa pa Brandenburg Gate ku Berlin ali pa kavalo, khamu likumufuulira ngati mtsogoleri yekhayo amene sanagonjetsedwe. Buku lake la achinyamata, Heia Safari, linatuluka mu 1920 n'kuwerengedwa m'nyumba zambiri. Mu 1939 boma la Nazi linaimika zosema zazikulu za aaskari ndi amtengatenga pachipata cha kambi ya asilikali ya dzina lake ku Jenfeld, mu mzinda wa Hamburg.

Pa nthawi yomweyo ku Berlin kunkakhala munthu wina amene anali m'gulu lomwelo ali mwana, Bayume Mohamed Husen, wobadwira ku Dar es Salaam mu 1904. Anafika ku Germany mu 1929 akufuna malipiro ake ndi a bambo ake. Boma litakhazikitsa mtanda waulemu wa onse amene anamenya nkhondo ya 1914, iye anaupempha ndipo anamukaniza. Mu 1941 anamangidwa pomuganizira kuti anali pa chibwenzi ndi mkazi wachizungu, ndipo anafera m'ndende yozunzirako anthu ya Sachsenhausen pa 24 November 1944. Zosema zija zinali zitaima zaka ziwiri zokha pamene ankamutsekera. Sindikunena kuti Lettow-Vorbeck ndiye anamupha. Ndikunena kuti chikumbutso chimene chinkaoneka ngati cholemekeza Mwafrika sichinali cha Mwafrikayo; chinali cha mtsogoleri wake ndi cha chilakolako chobwerera ku maiko olandidwa. Kamwala kakang'ono ka chikumbutso cha Husen kanaikidwa mumsewu wa Brunnenstraße, pomwe ankakhala, mu 2007, patatha zaka 63 chimwalirireni.

Ndiye pali moyo wake wonse, umene mendulo siuona chifukwa imayang'ana zaka zinayi zokha. Asanafike ku Dar es Salaam anali atapita ku China pa nkhondo yothana ndi oukira a Boxer mu 1900, ndiponso ku South West Africa kuyambira 1904, pansi pa Lothar von Trotha, m'nkhondo yolimbana ndi Aherero ndi Anama imene boma la Germany mu 2021 linavomereza kuti inali yopulula mtundu. Atabwerera kwawo, mu July 1919 analowa mu Hamburg ndi asilikali kukathetsa zipolowe za anthu okwiya ndi zakudya zoipa, ndipo mu March 1920 anaima ndi gulu la Kapp limene linayesa kugwetsa boma losankhidwa ndi anthu, chinthu chimene chinamuchotsetsa usilikali. Chilungamo chimafuna kuti ndinene kuti sanalowe chipani cha Nazi, ndipo ana ake aamuna awiri anafera m'nkhondo ya Hitler. Koma anapitiriza kulalikira zobwezeretsa utsamunda, ndipo mu 1939 analandira kwa boma limenelo udindo waulemu wa mkulu wa asilikali oyenda pansi. Nanga zinatheka bwanji kuti West Germany, dziko la demokalase, lisunge dzina la munthu wothandiza kulanda boma pa makambi ake a asilikali ku Leer, ku Hamburg ndi ku Bad Segeberg? Yankho limene ndimaliona ndi ili. Gulu latsopano la asilikali, Bundeswehr, litakhazikitsidwa mu 1955, linkasowa ngwazi zopanda fungo la Hitler. Lettow-Vorbeck ankaoneka woyera chifukwa nkhondo yake inachitikira kutali, ndipo akufa ake sanali a ku Poland kapena ku Russia, amene abale awo akanatha kuimirira n'kutsutsa. Anali anthu opanda kazembe, opanda nyuzipepala ku Ulaya, opanda manda odziwika. Atamwalira ku Hamburg mu March 1964, atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 94, anaikidwa ku Pronstorf mwaulemu wa usilikali, nduna ya za chitetezo Kai-Uwe von Hassel, amene anabadwira ku German East Africa komweko, ikulankhula pamaliropo, ndipo aaskari akale anabweretsedwa pa ndege kudzaima pafupi ndi bokosi.

Maliro amenewo sindikuwatsutsa. Kwathu kuno munthu aliyense amaikidwa, ngakhale amene anavutitsa mudzi; timakumba manda, timasenza bokosi, ndipo wowerenga mbiri ya malemu satchula zonse. Koma kutcha mwana dzina la malemuyo ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo banja likunena kuti likufuna khalidwe lake libwerere. Dzina la pachipata cha kambi ya asilikali lili ngati dzina la mwana. Limauza mnyamata wa zaka 19 amene wangovala yunifolomu kuti uyu ndiye chitsanzo chako. Manda a ku Pronstorf asiyidwe mu mtendere, ndipo adzukulu ake ali ndi ufulu womulira. Mkangano uli pa chipata ndi pa chikwangwani cha msewu.

Pamene mizinda inayamba kuchotsa dzinali, odandaula ananena zinthu ziwiri: kuti kutero n'kufafaniza mbiri, ndiponso kuti n'kuweruza munthu wakale ndi malamulo a lero. Chachiwirichi chimamveka chanzeru, koma sichilimba ukachiyang'anitsitsa. Deppe sanali munthu wa lero. Anali m'gulu lomwelo, akumanga mabala a anthu omwewo. Schnee sanali wa lero. August Bebel, amene anadzudzula nkhanza za ku South West Africa m'nyumba ya malamulo ku Berlin nkhondoyo ili mkati, sanali wa lero, ndipo Chilembwe anafa mu 1915. Amuna amene ankathawira m'mapiri akamva kuti ogwira amtengatenga afika nawonso anali kupereka chiweruzo chawo, ngakhale palibe amene analemba mawu awo. Muyeso unalipo kale; chimene chasintha n'chakuti tsopano mboni zimenezi zikuloledwa kulankhula. Za kufafaniza mbiri, zimene zinachitika zikuonetsa zosiyana. Ku Hannover, asanasinthe msewu wa Lettow-Vorbeck-Allee, anapempha katswiri wa mbiri Helmut Bley kuti afufuze, nkhani inakafika kukhoti, ndipo msewuwo unakhala Namibia-Allee mu 2013. Kambi ya ku Leer inasintha dzina mu 2010 n'kukhala Evenburg-Kaserne. M'zaka za mikangano imeneyi anthu wamba a ku Germany anamva za amtengatenga ndi za Aherero kuposa m'zaka makumi ambiri pamene dzinali linangokhala phee pa chikwangwani. Lamulo la Bundeswehr la 2018 lokhudza anthu oyenera kutengedwa ngati chitsanzo linafika pa mfundo yomweyi: luso la nkhondo palokha silikwanira.

Pali pamene ndimazengereza, ndipo ndi pa chipilala cha pa Chambeshi, chimene boma la atsamunda la Northern Rhodesia linaimika mu 1953 pamalo pamene uthenga wa kutha kwa nkhondo unamupeza. Kodi nachonso chichoke? Ndikuganiza kuti ayi. Chipilala chimenecho chimaloza malo ndi tsiku. Chimauza wapaulendo kuti nkhondo imene mabuku amati inatha pa 11 November inali ikuyendabe m'dziko la Abemba masiku atatu pambuyo pake. Kusonyeza pamene chinthu chinachitikira n'kosiyana ndi kuuza achinyamata kuti akhale ngati wochichitayo. Momwemonso sukulu za akuluakulu a asilikali ziphunzitsebe za nkhondo zake za pa Tanga ndi pa Mahiwa, ndi mmene gulu laling'ono limazembera lalikulu, malinga ngati phunzirolo litchulanso kuchuluka kwa mitu imene inasenza katundu ndi zimene zinatsala m'nkhokwe gululo litadutsa. Wophunzira amene wamva theka loyamba lokha sanaphunzire nkhondoyo, ngakhale monga msilikali, pakuti njira ya Lettow-Vorbeck inkatheka kokha kwa mtsogoleri amene sadzafunika kukhala m'dzikolo nkhondo ikatha.

Koma kuchotsa dzina ku Leer sikunabweze kanthu kwa munthu amene anagwa ndi kamwazi m'njira ya pakati pa Karonga ndi Songea. Nsanja ya chikumbutso ya ku Zomba ndi ya asilikali a King's African Rifles. Osenza katundu a ku Nyasaland, amene anali ochuluka kuwirikiza kakhumi, alibe chofanana nayo. Ntchito yofufuza mayina awo yayamba mochedwa. Mu January 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa chikumbutso cha amuna akuda oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa pa ntchito zothandiza asilikali m'nkhondo ya 1914, aliyense ndi dzina lake. Mayina amenewo anapezeka chifukwa makalaliki a Angerezi, pa zolakwa zawo zonse, ankalemba m'mabuku anthu amene awalemba ntchito. Gulu la Lettow-Vorbeck silinasunge kaundula wa amtengatenga amene anafera m'manja mwake. Linkadziwa kuwerenga: pa tsiku la ku Abercorn linapereka chiwerengero cha Azungu, cha aaskari ndi cha mfuti. Amene anagwidwa m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Lugenda n'kusiyidwa m'njira mphamvu zitatha sanalowe m'buku lililonse, ndipo wofufuza wa lero alibe poyambira. Zosema za ku Jenfeld zikadalipo, ndipo anthu a ku Hamburg akhala akukangana kwa zaka zambiri za mawu oyenera kulembedwa pambali pake. Ine ndikanafuna kuti mawuwo ayambe ndi mmene amtengatenga osemedwa pamwalapo ankapezekera, ndi chifukwa chake palibe amene angathe kutchula dzina la mmodzi wa iwo.